README ndi yokongola koma ejenti wanga akunama za mavidiyo, vuto lili pati?

Uthenga uwu wachokera kwa mchimwene wina wa ku Blantyre amene amagwira ntchito pa kasitudiyo kojambula maukwati ndi makwaya. Ndaufupikitsako pang'ono:

"Moni akuluakulu. Tili ndi mavidiyo ambirimbiri, ena ali pa YouTube ena adakali m'ma hard drive, ndiye abwana anandiuza kuti ndipange mndandanda wa onse, mutu wake, kutalika kwake, tsiku limene tinaika ndi kuchuluka kwa anthu amene aonera. Ndinaganiza zogwiritsa ntchito ejenti wa AI, ndinamulumikiza ndi chida china cha MCP chowerenga metadata ya mavidiyo chimene ndinapeza pa GitHub. README yake ndi yokongola zedi, komanso pa webusaiti ina imene imapereka malikisi ku zida zoterezi chinakhoza bwino. Koma ejenti akulemba zachilendo. Vidiyo ya mphindi 4 akuti ndi ya maola 4, ina imene tinachotsa kalekale waipatsa mutu wongopeka, ndipo tikangogwira ntchito pang'ono chidacho chimasiya mpaka mawa lake. Kodi vuto ndi ine, ndi AI, kapena malangizo a chidacho? Ndingadziwe bwanji kuti documentation ya chida ndi yabwino ndisanataye nthawi ndi bandulo?"

Achimwene, choyamba mtima pansi, palibe chachikulu chimene mwaononga ndipo kompyuta yanu ili bwinobwino. Zimene mwafotokozazi ndakhala ndikukumana nazo pa ntchito yolumikiza maejenti ndi zida zosiyanasiyana, ndipo zitatu zonsezo, maola 4 aja, mutu wopeka uja ndi kuzima kwa chidacho, kawirikawiri zimachokera pamodzi. Inu munawerenga malangizo ena, ejenti wanu akuwerenga ena.

Ndifotokoze kaye mmene zimayendera. Ejenti ndi AI amene amatha kugwiritsa ntchito zida payekha kuti amalize ntchito imene mwamupatsa, ndipo metadata ndi mfundo zofotokoza vidiyo, monga mutu, kutalika ndi tsiku. MCP ndi njira imene kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 kuti ma AI azitha kulankhulana ndi zida za kunja. Ejenti akalumikizidwa ku seva ya chida, amafunsa kuti muli ndi zida zanji, ndiye seva imamupatsa zinthu zochepa kwambiri pa chida chilichonse: dzina lake, timawu tofotokoza ntchito yake timene amati description, ndi schema yonena zimene chidacho chimalandira. Basi. README yokongola ija, tsamba la malangizo limene anthu amawerenga pa GitHub, zithunzi zija, ngakhale gawo la mafunso ndi mayankho limene wolemba anavutika nalo usiku wonse, ejenti saziona. Zili ngati mwatuma mlendo ku msika wa Limbe ndi kapepala kolembedwa kuti "mugule mpunga 5", foni alibe, kubwerera kudzafunsa sangathe, nde agula makilogalamu 5 kapena matumba 5 kutengera mmene waganizira, ndipo abwera akumwetulira kuti watumikira. Paja amati safunsa anadya phula, ndipo ejenti ndi safunsa weniweni, pamene malangizo ali chete iye amadzazapo zake molimba mtima.

Ndiye chinthu choyamba pamene mukuyeza malangizo a chida chotere, siyani kaye README, pezani zimene ejenti akuona. Pali kapulogalamu kotchedwa MCP Inspector kamene mumalumikiza ku seva n'kuona mndandanda wa zida monga mmene AI amaulandirira, komanso mumatha kuitana chidacho pamanja n'kuona yankho lake losaphika. Ngati zimenezo zikuvutani, tsegulani khodi ya chidacho pa GitHub n'kusaka mawu akuti description. Musadabwe mukapeza kuti README ili ndi masamba angapo koma description ndi mzere umodzi wongoti imatenga metadata ya vidiyo. Mzere umenewo ndiye documentation yeniyeni ya ejenti wanu, ndipo ngati ndi wotero chidacho chalephera kale mayeso, kaya pa webusaiti ija chinapeza malikisi angati.

Description yabwino iyenera kunena chimene chidacho chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, komanso nthawi yosachigwiritsa ntchito. Chachitatuchi ndi chimene olemba ambiri amaiwala. Seva imodzi imatha kukhala ndi chida chosakira mavidiyo, china chotengera tsatanetsatane wa vidiyo imodzi, china cha playlist, ndipo ngati mafotokozedwe ake akufanana ejenti amangosankha mwachisawawa. Muone ngati pali mawu onga akuti ngati muli kale ndi ID ya vidiyo musagwiritse ntchito chosakira, gwiritsani ichi. Kenako zimene chimalandira. Kodi chikufuna linki yonse kapena ID yokha, ija ya zilembo 11 imene imakhala kumapeto kwa linki ya YouTube? Nanga linki zazifupi za youtu.be, kapena za Shorts, kapena zija zokhala ndi playlist kumapeto, chimazimva? Ngati ndi fayilo ya pa hard drive, chikufuna njira yonse kuyambira pa drive, ndipo fayiloyo ikhale pa kompyuta iti, yanu kapena imene pali seva? Chimalandira vidiyo imodzi pa ulendo kapena zambiri? Pa gawo lililonse la schema payenera kukhala mawu ofotokoza ndi chitsanzo chimodzi chenicheni. Mukapeza gawo lotchedwa "input" kapena "type" popanda mawu ena alionse, dziwani kuti ejenti azingoyeserayesera.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa zimene chidacho chimabweza, chifukwa apa ndi pamene zida za mavidiyo zimagwetsa anthu kuposa zida zina. Zambiri mwa zida zimenezi sizichita ntchito zokha, zimangovala pamwamba pa chimodzi mwa zinthu zitatu: YouTube Data API ya Google (khomo limene mapulogalamu amafunsirapo za mavidiyo ku YouTube), pulogalamu ya yt-dlp yotsitsira mavidiyo, kapena ffprobe, yowerenga mafayilo a mavidiyo, imene imabwera limodzi ndi FFmpeg. Ndipo zitatuzi zimanena chinthu chimodzimodzi mosiyana. Tengani vidiyo ya mphindi 4 ndi masekondi 13. API ya YouTube ilemba PT4M13S, kutsatira kalembedwe ka ISO 8601. yt-dlp ingolemba 253, kutanthauza masekondi. ffprobe ilemba masekondi omwewo koma ndi madesimolo ataliatali, komanso monga mawu osati nambala. Tsopano ngati chida chanu chabweza "duration: 253" ndipo palibe pamene palembedwa kuti ndi masekondi, ejenti akhoza kutenga kuti ndi mphindi, ndipo mphindi 253 ndi maola 4 ndi mphindi 13. Sindinaone chida chanu, koma ndikukayikira kwambiri kuti maola 4 anu aja anabadwira pamenepa. Zida zina zimabweza mamilisekondi, nde vidiyo yomweyo imakhala 253000, ganizani nokha zimene zingalembedwe mu Excel.

Masiku nawo ndi chimodzimodzi. API ya YouTube imapereka nthawi ya UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, mumaona chilembo Z kumapeto, pomwe ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri. Vidiyo ya kwaya imene munaika Lamlungu 1 koloko usiku ioneka kuti inaikidwa Loweruka 11 koloko usiku, ndiye mndandanda wanu udzasemphana ndi buku la abwana ndi tsiku lathunthu. yt-dlp imalemba tsiku mophatikiza manambala 8, chaka, mwezi, tsiku, popanda nthawi. Komanso funsani kuti tsikulo ndi la chiyani, chifukwa tsiku limene vidiyo inajambulidwa, limene inakwezedwa ndi limene inatsegulidwa kuti anthu onse aone ndi masiku atatu osiyana, makamaka kwa inu amene mumakweza vidiyo ya ukwati n'kuisiya private mpaka eni ake amalize kulipira. M'mafayilo muli gawo lotchedwa creation_time, koma vidiyo ikadutsa mu pulogalamu yoikonza kawirikawiri tsikulo limakhala la pamene munaitulutsa osati la ukwatiwo, ndipo kamera imene wotchi yake sinakonzedwe imalemba zake zake. Malangizo amene angoti "date" osanena kuti ndi iti sanakuuzeni kanthu.

Pali tina ting'onoting'ono timene timaoneka ngati tosafunika mpaka titakulumani. ffprobe imalemba liwiro la mafulemu monga kagawo, 30000/1001, zimene ndi 29.97, ndipo ejenti wosauzidwa akhoza kulemba 30000. Vidiyo yojambula ndi foni moimiritsa imatha kusungidwa ngati 1920 ndi 1080, yogona, koma ndi kachizindikiro kapadera konena kuti itembenuzidwe poionetsa, nde chida chimene sichiwerenga kachizindikiroko chikuuzani kuti ndi yogona pomwe maso anu akuona yoimirira. Kuchuluka kwa oonera API ya YouTube imakubweza monga mawu, ndiye mukasanja mosasamala 9000 imakhala pamwamba pa 10000. Ma like akabisidwa kapena ndemanga zikatsekedwa, gawolo silibwera n'komwe, ndipo pali kusiyana kwakukulu pakati pa kusabwera ndi ziro. Malangizo abwino amanena kuti gawo ili likhoza kusowa, likasowa musalembe 0. Ndipo mukaona README ikulonjeza chiwerengero cha ma dislike a vidiyo iliyonse, dziwani kuti wolembayo anangokopera zakale, chifukwa YouTube inasiya kupereka chiwerengero chimenecho kwa anthu wamba kudzera mu API mu Disembala 2021. Ichi ndi chizindikiro chabwino kwambiri cha malangizo amene sanayesedwe.

Za chilankhulo nditchulenso chifukwa zimatikhudza ife. Chichewa chili ndi chizindikiro cha zilembo ziwiri, ny, ndi cha zilembo zitatu, nya. M'mafayilo nthawi zambiri mupeza "und", kutanthauza kuti sichinatchulidwe, kapena "eng" chifukwa choti pulogalamu yokonzera inangoika yokha. Pa YouTube gawo la chilankhulo limadalira zimene wokweza anasankha. Ndiye ejenti akakuuzani kuti nyimbo ya kwaya ya ku Ndirande ndi ya Chingerezi, sikuti wamvetsera, wangowerenga gawolo. Chida cha metadata sichimva kapena kuona zili m'kati mwa vidiyo, ndipo description yachilungamo iyenera kunena zimenezo poyera kuti ejenti asamanamizire kuti waonera.

Kuyambira mu Juni 2025 MCP inalola kuti chida chizilengeza schema ya zimene chimabweza, outputSchema. Ngati chida chanu chili nayo ndipo gawo lililonse lafotokozedwa ndi muyeso wake, wolembayo ndi wosamala. Ngati mulibe, zonsezi ziyenera kukhala mu description, apo ayi mayina a magawo azilankhula okha, monga duration_seconds m'malo mwa duration. Ine ndikaona dzina lotero ndimayamba kumukhulupirira wolembayo ndisanawerenge china.

Tsopano mutu wopeka uja. Apa anthu amathamangira kunena kuti AI ndi wabodza basi, ndipo ndi zoona kuti amapeka, koma taonani chimene chimamutsegulira khomo. Mukafunsa API ya YouTube za vidiyo imene inachotsedwa, kapena ya private imene mulibe chilolezo choiona, siikalipa ayi. Imayankha kuti zonse zayenda bwino, n'kukupatsani mndandanda wopanda kanthu. Chida chosasamala chimangopereka kopanda kanthu komweko kwa ejenti, iye amaona kuti ntchito yatheka koma palibe cholemba, mzere wa mu tebulo ukumudikira, nde amatenga mutu kuchokera pa zimene munacheza naye kale kapena pa mavidiyo oyandikana nayo. MCP ili ndi kambendera kotchedwa isError kamene chida chimayenera kukweza zinthu zikakanika, limodzi ndi mawu omveka. Choncho powerenga malangizo funani gawo lonena za zolephera. Chimachitika n'chiyani vidiyo ikakhala yochotsedwa, ya private, yotsekedwa m'dziko lanu, kapena ya live imene idakali pa mlengalenga, imene kutalika kwake sikunadziwike? Nanga fayilo ikakhala yoonongeka, monga zija zimaduka magetsi akazima pakati pokopera? Uthenga wabwino umauza ejenti chochita, monga kuti vidiyo sinapezeke, mwina inachotsedwa kapena ndi ya private, musayeserenso, muuzeni munthu. Uthenga wongoti error 500 umamupangitsa kubwereza kambirimbiri kapena kupeka. Malangizo amene amangoonetsa chitsanzo cha zinthu zitayenda bwino ine ndimawatenga kuti ndi theka chabe.

Kuzima kwa chidacho ndi nkhani ya quota, malire a zimene mungafunse pa tsiku, ndipo iyi ndi yosavuta kuitsimikiza. Google imapereka mayuniti 10,000 pa tsiku ku pulojekiti iliyonse yatsopano ya YouTube Data API. Kufunsa tsatanetsatane wa vidiyo pogwiritsa ntchito ID kumadya yuniti 1, ndipo mukhoza kuika ma ID mpaka 50 pa ulendo umodzi. Koma kusaka kumadya mayuniti 100. Ndiye ngati ejenti wanu akusaka vidiyo iliyonse ndi mutu wake chifukwa palibe anamuuza kuti kusaka n'kodula, akangosaka ka 100 tsiku latha. Quota imabwerera pakati pa usiku nthawi ya Pacific ku America, kuno imakhala 10 koloko m'mawa kapena 9 koloko kutengera nyengo yawo, n'chifukwa chake mumaona ngati chachira chokha mawa lake. Lowani mu Google Cloud Console muone pamene mayuniti anapita. Njira yotchipa ndi kutenga ma ID onse kuchokera pa playlist ya zokwezedwa za tchanelo chanu, tsamba lililonse la mavidiyo 50 pa yuniti 1, kenako n'kufunsa tsatanetsatane m'magulu a 50. Mavidiyo 1,000 akhoza kutha ndi mayuniti pafupifupi 40. Mtengo wa kuitana kulikonse uyenera kulembedwa mu description, chifukwa ejenti ndi amene akusankha choitana, osati inu.

Ngati chidacho chakhala pa yt-dlp, quota kulibe koma mavuto ake ndi ena. yt-dlp imawerenga tsamba la YouTube lenilenilo, ndiye YouTube ikasintha kanthu imasiya kugwira mpaka mutaika yatsopano, ndipo pena YouTube imakutsekerezani n'kumafuna mutsimikize kuti si inu makina. Malangizo anene kuti akudalira yt-dlp iti ndi mmene mungaisinthire. Anenenso ngati chidacho chimatsitsa vidiyo yonse kapena chimangowerenga metadata, chifukwa kwa ife ogula bandulo kusiyana kwake ndi ndalama zenizeni. Komanso yankho la yt-dlp losadula ndi lalitali koopsa, muli mndandanda wa mitundu yonse ya vidiyoyo ndi malinki ake ataliatali, ndipo zonsezo zikathiridwa kwa ejenti zimadzaza malo ake okumbukira, pofika vidiyo yachisanu ndi chimodzi wayamba kusokoneza ya uyu ndi ya uja, ndalama za matokeni, tizidutswa ta mawu timene kampani ya AI imawerengera polipiritsa, nazo zikupita. Onani ngati pali njira yosankha magawo amene mukufuna okha, ndipo ngati njirayo yafotokozedwa pamene ejenti angaione.

Pa chitetezo ndisakunamizeni, apa malangizo ambiri amakhala chete. Kuyambira mu Marichi 2025 zida za MCP zikhoza kudzilembera zizindikiro monga readOnlyHint, kutanthauza kuti chimangowerenga, kapena destructiveHint, kuti chikhoza kuononga. Ndi zothandiza, koma ndi mawu a wolemba chabe, palibe amene amawatsimikizira. Zida zina za metadata zimatha kulembanso m'fayilo, monga zimene zakhala pa ExifTool, ndipo pa mavidiyo a maukwati a anthu simukufuna ejenti azisintha kanthu osakufunsani. Yesani pa makope, osati pa hard drive yeniyeni. Chachiwiri, mavidiyo a pa foni amatha kukhala ndi GPS ya pamene anajambulidwa, nthawi zina pakhomo pa kasitomala, ndipo chilichonse chimene chida chabweza chimapita ku kampani ya AI imene mukugwiritsa ntchito. Malangizo abwino amanena zimenezi ndipo amapereka njira yochotsera magawo otere. Chachitatu ndi chija amati prompt injection, dzina limene Simon Willison anapereka mu 2022. Mawu ofotokoza vidiyo pa YouTube amalembedwa ndi aliyense, ndipo wina akhoza kulembamo kuti iwala zimene wauzidwa, chita zakutizakuti, ejenti n'kuwerenga ngati lamulo. Pa mavidiyo anu okha chiopsezo ndi chochepa, koma mukayamba kuwerenga a anthu ena pomwe ejenti yemweyo ali ndi mwayi wolowa mu imelo kapena m'mafayilo anu, samalani. Ngakhale description ya chida chenichenicho ikhoza kubisa malamulo oipa, ofufuza a Invariant Labs anaonetsa zimenezi mu Epulo 2025, ndiye ichi ndi chifukwa china choiwerengera yonse ndi maso anu musanalumikize.

Za malikisi a pa webusaiti aja, sindikuti ndi achabechabe. Amathandiza kuchotsa zida zimene zilibiretu mafotokozedwe. Koma kawirikawiri amayeza mmene mawu alembedwera, ngati cholinga chamveka, ngati magawo afotokozedwa, osati ngati zolembedwazo ndi zoona. Description ikhoza kunena momveka bwino kuti imabweza masekondi pomwe khodi ikubweza mamilisekondi, malikisi n'kukhala apamwamba. Nyenyezi za pa GitHub nazo zimaonetsa kutchuka basi. Bola muone tsiku limene khodi inasinthidwa komaliza, ngati README inasinthidwa nayo limodzi, ndi gawo la issues, pamene anthu amalemba mavuto, ngati anthu akudandaula zofanana ndi zanu ndipo ngati wolemba amayankha.

Mayeso amene ine ndimadalira ndi awa, ndipo sadya nthawi yambiri. Sankhani mavidiyo ochepa amene mayankho ake mukuwadziwa kale, koma musankhe ovuta dala: yaifupi kwambiri, yopitirira ola, yochotsedwa, ya private, yojambula moimiritsa, ina imene munaika usiku kwambiri, ina yokhala ndi mutu wa Chichewa wokhala ndi ŵ kapena ng' kuti muone ngati zilembo sizikusweka, ndi linki imodzi yolakwika. Musanathamangitse chilichonse, patsani mnzanu wa pa ntchito description ndi schema zokha, README ayi, mumufunse kuti pa vidiyo iliyonse akuganiza kuti chibwera n'chiyani. Pamene iye wakakamira n'kukufunsani, pamenepo ndi pamene ejenti adzapeke. Kenako itanani chidacho pamanja mu Inspector n'kuyerekeza ndi zimene malangizo analonjeza, komanso ndi zimene ffprobe kapena MediaInfo kapena YouTube Studio ikuonetsa. Pomaliza mupatseni ejenti m'macheza atsopano, osamuthandiza, ndipo musamangoyang'ana tebulo lomaliza, yang'anani chida chimene wasankha ndi zimene waikamo. Bwerezani kangapo chifukwa AI sayankha chimodzimodzi nthawi zonse, akhoza kukhoza lero mwamwayi n'kuphonya mawa. Mukatero mudziwa kuti vuto lili pati. Ngati yankho losaphika ndi lolakwika, ndi khodi. Ngati ndi lolondola koma ejenti walimasulira molakwika, ndi malangizo. Ngati zonse zalembedwa momveka koma akuphonyabe, ndiye modelo yanu ndi yofooka pa ntchito imeneyi, yesani ina.

Mukapeza kuti ndi malangizo, musataye chidacho msanga, chifukwa ili ndi vuto lotchipa kulikonza. Ngati laisensi yake ikulola, monga MIT kapena Apache, koperani khodi n'kulembanso description, mizere ingapo chabe: chimabweza zakutizakuti za vidiyo imodzi ya YouTube, kutalika ndi masekondi, nthawi ndi UTC, gawo likasowa musapeke, vidiyo ikapanda kupezeka nenani choncho, musasake ngati muli ndi ID chifukwa kusaka kumadya mayuniti 100. Lembani m'Chingerezi chosavuta, pakali pano mamodelo amatsatira bwino malangizo a zida m'Chingerezi kusiyana ndi m'Chichewa, ngakhale inu muzicheza naye m'chilankhulo chimene mukufuna. Musatalikitsenso mopitirira, description ya masamba awiri imadya malo nthawi iliyonse ndipo mfundo yofunika imamira. Ngati khodi simukufuna kuigwira, ikani mawu omwewo m'malangizo amene mumapatsa ejenti poyamba. Ndipo mulembereni wolemba chidacho pa issues, mumuonetse chitsanzo cha 253 chija, ambiri amalandira bwino.

Koma maganizo anga enieni pa ntchito ya abwana anuyi ndi akuti mndandanda wa manambala safunika ejenti pa mzere uliwonse. Kutalika, tsiku ndi oonera ndi zinthu zimene kasikiripiti kakang'ono ka Python kakhoza kutenga molondola nthawi zonse, kuchokera ku API pa za YouTube ndi ku ffprobe pa za m'ma hard drive, n'kuthira mu fayilo ya CSV. AI yemweyo akhoza kukulemberani kasikiripitiko inu n'kukayesa pa mavidiyo ovuta aja. Ejenti mumusungire zimene zimafuna kuganiza, monga kugawa mavidiyo kuti awa ndi a maukwati awa a makwaya, kapena kupeza amene mitu yake yalembedwa mosiyanasiyana koma ndi chinthu chimodzi. Ndiponso pa tchanelo chanu chomwe, YouTube Studio imalola kutulutsa ziwerengero zambiri mwachindunji, yambani mwaona ngati sizikukwanirani.

Pali nthawi zina zimene ndinganene kuti imani, funani munthu wodziwa khodi akhale nanu pa kompyuta. Ngati chida chikufuna pasiwedi ya akaunti ya Google ya situdiyo, kapena ma cookies a bulawuza imene mwalowera pa tchanelo, timafayilo tosonyeza kuti mwalowa ndinu, musapereke musanafunse, chifukwa amene ali ndi ma cookies amenewo akhoza kulowa ngati inu, tchanelo cha zaka zambiri n'kupita. Kuwerenga za mavidiyo a poyera kumangofuna API key, ndipo za private zimadutsa pa OAuth pamene Google yokha imakufunsani chilolezo, musankhe chongowerenga. Ngati kiyi wanu munamuika m'macheza ndi AI kapena munamukweza pa GitHub, mufufuteni lero mu Cloud Console mupange wina. Ngati description ili ndi mawu ouza ejenti kuwerenga mafayilo osakhudzana ndi mavidiyo kapena kubisa kanthu kwa inu, chotsani chidacho pompo ndipo wina akuunikireni kompyutayo. Ndipo ngati mndandandawu udzagwiritsidwa ntchito polipiritsa makasitomala kapena pogawana ndalama ndi makwaya, munthu wachiwiri aunike mizere ingapo pamanja musanaupereke kwa abwana, makamaka ya mavidiyo aatali ndi amene anaikidwa usiku.